Mbiri ya Nkhondo Yolanda Maiko m'Masewero Osinthana

Munthu aliyense amene anapenyererapo amuna awiri akusewera bawo adziwa kuti masewero ali ndi nyengo zake. Poyamba wosewera amasunga timiyala take, pakati amayesana nzeru ndi mnzake, ndipo pomaliza, akaona kuti walemera, amafuna kudya zonse za mnzakeyo. Alipo masewero ena a kunja amene osewera ake amasinthana chimodzimodzi, wina kudikira kufikira mnzake atatha, koma m'malo mwa timiyala amakankha magulu a nkhondo pa mapu. Mbiri ya masewero otere iyenera kudziwika kwa mphunzitsi, pakuti ana ena akuphunziramo maina a mafumu ndi nkhondo zawo asanaone buku la mbiri.

Gwero lake lili ku India, kumene zaka za m'ma 500 kunali sewero lotchedwa chaturanga, kholo la chess. Linali ndi magulu anayi monga a nkhondo ya kumeneko: oyenda pansi, apakavalo, njovu ndi magaleta. Koma m'seweroli munalibe dziko lolanda. Mfumu ikagwa, nkhani yatha.

Mapu enieni analowa m'masewero ku Prussia. M'chaka cha 1812 Georg Leopold von Reisswitz anaonetsa mfumu Friedrich Wilhelm III sewero la nkhondo, ndipo mu 1824 mwana wake analikonza kuti likhale lophunzitsira akuluakulu a asilikali. Dzina lake linali Kriegsspiel. Magulu ofiira ndi obiriwira ngati thambo ankayenda pa mapu, kusuntha kumodzi kuimira mphindi ziwiri za nkhondo, ndipo woweruza ndiye ankanena zotsatira pogwiritsa ntchito madayisi. Prussia atagonjetsa France mu 1871, maiko ena anayamba kutengera sewerolo, poganiza kuti m'menemo ndimo munali chinsinsi.

Tsono mu 1957 Albert Lamorisse, wopanga mafilimu wa ku France, anatulutsa sewero lina limene kampani ya Parker Brothers inafalitsa mu 1959 ndi dzina loti Risk. Apa cholinga chinali kulanda dziko lonse lapansi, logawidwa m'zigawo 42. Malamulo ake aonetsa kale kuti kulanda ndi kusunga n'zosiyana. Wogwira Asia yense amalandira asilikali 7 oonjezera nthawi iliyonse, koma zigawo zake ndi 12 ndipo adani angalowere mbali zambiri. Wogwira Australia amalandira 2 okha, koma ali ndi khomo limodzi loti alonde. Woukira amaponya madayisi atatu, wodziteteza awiri, koma akafanana apambana ndi wodziteteza. Chakumapeto makhadi osinthitsa ndi asilikali amakwera mtengo, ndipo wogonjetsa mnzake kotheratu amatenga makhadi ake. Motero ambiri amathamangira kutsiriza mdani, nasiya malire awo opanda mlonda, wachitatu n'kudzawameza. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Nkhondo ya kumapeto inafika pachimake pamene masewerowa analowa mu kompyuta. Mu 1991 Sid Meier ndi Bruce Shelley a kampani ya MicroProse anatulutsa Civilization. Wosewera amayamba m'chaka cha 4000 Khristu asanabadwe ali ndi kagulu ka anthu ofuna malo, namanga mizinda, nakonza misewu, nafufuza nzeru zatsopano kufikira nyengo ya akasinja, ndege ndi mabomba a nyukiliya. Njira zopambanira zinali ziwiri: kutumiza chombo ku nyenyezi ya Alpha Centauri, kapena kufafaniza mitundu ina yonse.

Wosankha njira yachiwiriyo amapeza kuti nkhondo ya m'nyengo yotsiriza imapambanidwa ndi nkhokwe, osati ndi ukali. Asilikali ambiri amadya chuma cha mizinda imene inawatuma. Mzinda wolandidwa kutali ndi likulu umataya msonkho wake m'katangale. Pansi pa boma la demokalase anthu amakwiya asilikali awo akachoka kwawo, ndipo nyumba ya malamulo ikhoza kukakamiza wolamulira kulandira mtendere iye asakufuna. Opanga sewerolo anapitiriza kulemeretsa mtolowu. Mu Civilization III, ya mu 2001, akasinja sangapangidwe popanda mafuta ndi mphira, anthu amatopa nayo nkhondo ikatalika, ndipo mzinda wolandidwa ukhoza kupanduka ndi kubwerera kwa eni ake. Mu Civilization V, ya mu 2010, sikunafunikenso kufafaniza mtundu uliwonse. Kugwira malikulu awo oyamba kunakwanira.

Chitsanzo chimene chinamveka kutali ndi cha mu 2012, pamene wosewera wina anaulula kuti anakhala akusewera sewero limodzi la Civilization II kwa zaka pafupifupi 10, nafika m'chaka cha 3991. Mitundu ikuluikulu imene inatsala inali itatu: Aselti, Avaikingi ndi Aamerika. Inali itamenyana kwa zaka 1,700 za m'sewerolo. Mabomba anali atasandutsa minda kukhala zithaphwi, anthu ochuluka anali atatha ndi njala, ndipo chuma chonse chinkapita ku akasinja amene ankaonongeka pa malire osasuntha. Panalibe wokhoza kupambana, ndiponso panalibe wokhoza kuleka. Ngakhale sewero lomangidwa kuti munthu alande dziko linafika posonyeza nkhondo imene inadya chimene ankalimbirana.

Pali chifukwa china chimene mphunzitsi wa kuno ayenera kusamalira nkhaniyi. Pakati pa mafumu a mu Civilization yoyamba panali Shaka wa Azulu, amene anaikidwamo monga mnansi wokonda nkhondo. Mzinda wake woyamba anautcha Zimbabwe, chimene ndi cholakwa chachikulu, pakuti malinga a miyala aja anamangidwa ndi makolo a Ashona zaka mazana angapo Shaka asanabadwe. Ndiponso m'sewero mfumu siifa ndi ukalamba kapena chiwembu. Imalamulira zaka zikwi zisanu ndi chimodzi. Shaka weniweni anaphedwa mu 1828 ndi abale ake, Dingane ndi Mhlangana, atalamulira zaka ngati 12 zokha.

Chimene mapu a sewero saonetsa ndicho anthu othawa. Mzinda ukalandidwa umangosintha mtundu wa utoto, ndipo nambala ya anthu ake imatsika. Koma nkhondo za kumwera zija zinabalalitsa mafuko. Zwangendaba anatsogolera anthu ake kumpoto, naoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Atamwalira ku Ufipa, cha m'ma 1848, anthu ake anagawikana, ena nakakhazikika ku Mzimba, ena kwa Mpezeni ku Chipata. Angoni a kwa Maseko anadzera njira yawo nakhala ku Ntcheu ndi ku Dedza. Midzi imene inagwa m'njira mwawo inathawira kumapiri kapena m'malinga, ndipo ana ogwidwa anakula ndi mfunda wa eni nkhondo. Zidzukulu za othamangitsa ndi za othamangitsidwa zikhala pa benchi limodzi m'kalasi lero.

Motero mphunzitsi sayenera kunyoza masewerowa, kapena kuwalandira monga buku la mbiri. Mwana amene anawasewera adziwa kale kuti gulu la nkhondo lifuna chakudya, kuti mtsinje ndi phiri zimatchinga njira, ndi kuti dziko lalikulu livuta kulisunga. Pamenepo mpoyambira pabwino. Chotsalira kwa mphunzitsi ndicho kufunsa mafunso amene sewero silifunsa: anthu a m'mudzi wolandidwawo anapita kuti, analima chiyani chaka chotsatira, ndipo ana awo analankhula chinenero chanji. Mayankho ena ali m'mabuku, koma ambiri ali ndi agogo a anawo, ndipo mphunzitsi wanzeru adzawatuma kukafunsa.