Kubanika kwa Mitundu Iwiri: Magazi Oundana ndi Phapo Lakuphwa

Munthu akafika kuchipatala akubanika, m'chifuwa mukumubaya akamakoka mpweya, ambiri timathamangira kunena kuti ndi chibayo, ndipo kawirikawiri timalondola. Komabe pali matenda ena awiri amene amabwera ndi dandaulo lomweli, ndipo onse amatha kupha munthu dzuwa lisanalowe. Madokotala amawatcha pulmonary embolism ndi pneumothorax. Phapo limagwira ntchito yake mpweya ndi magazi zikakumana. Pa nthenda yoyamba mpweya umafika koma magazi atsekeredwa njira. Pa yachiwiri magazi amadutsa ndithu, koma phapo laphwa, silikulandira mpweya.

Magazi amene amatseka mitsempha ya m'mapapo nthawi zambiri saundana m'mapapomo. Amaundana m'mitsempha ya mkati mwa mwendo kapena m'chiuno, vuto limene amalilemba mwachidule kuti DVT. Chibuluma cha magazicho chikadali pomwe chaundana amachitcha thrombus. Chikathothoka n'kuyenda ndi magazi, kudutsa mumtima mpaka kukatsamwa m'phapo, chasanduka embolus. Amene anafotokoza ulendo umenewu ndi dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, cha m'ma 1850, ndipo mpaka lero ophunzira udokotala amaloweza zinthu zitatu zotchedwa ndi dzina lake: magazi oyenda mwaulesi, mtsempha wovulala, ndi magazi osachedwa kuundana. Mukazilingalira bwino zitatuzi muwaona anthu ake: wogonekedwa nthawi yaitali atachitidwa opaleshoni, wa chikhakha kumwendo, mayi woyembekezera kapena amene sanakwanitse masabata 6 chiberekere, wodwala khansa, TB kapena HIV, ngakhalenso wokhala chopinda miyendo m'basi kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Blantyre.

N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito, wodwala akamaloza pachifuwa, iye amavundukula miyendo. Katumba wa mwendo umodzi wotupa, wotentha ndi wopweteka amamuuza zambiri kuposa chithunzi cha X-ray, chimene pa nthendayi chimaoneka chabwinobwino nthawi zambiri. Zizindikiro zotere, pamodzi ndi mtima wogunda koposa ka 100 pa mphindi kapena kutsokomola magazi, amaziwerengera pa muyeso wotchedwa Wells score. Palinso kuyeza magazi kotchedwa D-dimer, kumene anthu amakumva molakwika. Zotsatira zikakhala zotsika mwa munthu amene sanali wokayikitsa kwenikweni, nthendayi palibe. Zikakwera sizitsimikizira kanthu, chifukwa mimba, malungo ndi TB zimazikwezanso. Chotsimikizira ndi makina a CT, amene kwathu kuno amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, kotero dokotala wa kuboma amayamba kupereka mankhwala potengera zimene waona ndi maso ndi manja.

Mankhwalawo ambiri amati ndi osungunula magazi, koma dzinali limasocheretsa. Heparin, warfarin ndi rivaroxaban sasungunula chibuluma. Amangochiletsa kukula, thupi lokha n'kumachigumula pang'onopang'ono. Ndiye chifukwa chake munthu amamwa kwa miyezi itatu kapena kuposerapo ngakhale akupeza bwino. Osungunula enieni, monga streptokinase, amasungira amene magazi ake atsika mphamvu moti moyo uli pachiswe. Warfarin, amene anayamba kugulitsidwa mu 1948 ngati mankhwala ophera makoswe, amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti muyeso wa kaundanidwe kake, wotchedwa INR, ukhale pakati pa 2 ndi 3. Saperekedwa kwa mayi woyembekezera, ndipo rifampicin wa odwala TB amamufooketsa kwambiri. Ine ndimaona kuti mfundo yomalizayi siinenedwa mokwanira m'dziko limene TB ndi magazi oundana zimakumana mwa munthu mmodzi kawirikawiri.

Pneumothorax ndi nkhani ya mpweya wosochera. Phapo lakutidwa ndi nembanemba ziwiri zotchedwa pleura, imodzi yomata phapo, ina yomata nthiti, ndipo pakati pake sipayenera kukhala mpweya. Ukalowapo, phapo limaphwa ngati tayala lobooka. Dzinali analipereka Jean Itard wa ku France mu 1803. Chodabwitsa n'chakuti mu 1882 Carlo Forlanini wa ku Italy anaganiza zophwetsa phapo dala kuti lipumule mwa odwala TB, ndipo njirayi inagwiritsidwa ntchito zaka zambiri mankhwala a TB asanapezeke.

Likaphwa lokha mwa munthu wopanda nthenda ya m'mapapo, makamaka mnyamata wamtali, wowonda, wosuta fodya, amati primary. Likaphwa chifukwa phapolo linadyeka kale ndi TB kapena chibayo cha PCP amati secondary. Mtundu wachitatu ndi wa ngozi: nthiti yothyoka pa kabaza, kapena mpeni.

Mawu oopsa kwambiri pa onsewa ndi tension. Bowo limalowetsa mpweya osautulutsa, mpweyawo n'kumakankhira mtima mbali ina mpaka magazi kulephera kubwerera kumtima. Mbali yodwalayo sikumveka kupuma, mukaigogoda imalira ngati mulibe kanthu, mitsempha ya m'khosi imatupa. Apa X-ray saidikira. Amabaya singano yaikulu pakati pa nthiti, kutsogolo pampata wachiwiri kapena m'mbali pampata wachinayi kapena wachisanu, mpweya n'kutuluka. Kenako amalowetsa chubu chimene kumapeto kwake chamira m'botolo la madzi, kuti mpweya uzituluka koma usabwerere. Namwino akamati madzi akusewera, ndiye kuti akukwera ndi kutsika m'chubu wodwala akamapuma, chubucho sichinatsekeke. Akamati akuchita thovu, bowo la m'phapo silinatsekeke. Wodikirira wodwala auzidwe tsiku loyamba lomwelo kuti botolo likhale pansi nthawi zonse, lisagwe, ndipo asalinyamule kupitirira chifuwa poperekeza m'bale wake kuchimbudzi, chifukwa madziwo angabwerere m'chifuwa.