Gofu wa Akatswiri: Mbiri ya Sunshine Tour

Wa ku Phalombe akafuna kuona gofu amayenera kuzungulira phiri la Mulanje mpaka kukafika ku bwalo la pakati pa minda ya tiyi. Azungu a m'minda imeneyi ndiwo ankamenya kampirako. Ana a anchito awo ankangosenza thumba la zibonga ndi kusakasaka mpira m'tchire. Lero tikambe za anthu amene gofu ndiye khasu lawo.

Kalabu ya Blantyre Sports Club inayamba m'chaka cha 1896, koma kwa zaka zambiri gofu wa kuno anali wongocheza. Mipikisano yolimbirana ndalama inakulira kummwera. South African Open unakhazikika m'chaka cha 1903, ndipo Bobby Locke anapambana kasanu ndi kanayi, Gary Player kakhumi ndi katatu. Pang'onopang'ono mipikisano ya m'mizinda yosiyanasiyana inalumikizidwa kukhala mndandanda umodzi wa nyengo ya dzuŵa, pamene ku Ulaya kuli chisanu. Ndiwo umene tsopano ukutchedwa Sunshine Tour.

Kayendetsedwe kake nkotere. Wofuna kuloŵa amayamba wayesedwa pa mpikisano wosankhira, ndipo akakhoza amapatsidwa chilolezo cha chaka chimodzi. Mpikisano waukulu umatenga masiku anayi, tsiku lirilonse maenje 18, ndipo wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa. Akatha masiku aŵiri, otsalira amauzidwa kuti alongedze. Ameneŵa salandira ngakhale tambala, chikhalirecho ulendo, chakudya, pogona ndi malipiro a womsenzera thumba zonse zatuluka m'thumba mwake. Malipiro a pamwezi kulibe. Pakutha pa nyengo oseŵera amaikidwa pa mndandanda monga mwa mmene achitira, ndipo a kumunsi amabwerera kukayesedwanso. Kunena zoona, nkofanana ndi ulimi wa ku Phalombe: mbewu ndi feteleza ugula wekha, mvula ikakana palibe wokubwezera.

Koma chipata sichinali chotsegukira onse. Ku Durban kunali Papwa Sewgolum, Mmwenye wosauka amene anayamba ndi kusenzera ena zibonga, ndipo ankagwira chibonga chosemphanitsa manja. Anapambana Dutch Open m'zaka za 1959, 1960 ndi 1964. Kwawo anapambana Natal Open mu 1963, ndipo mu 1965 anagonjetsa Gary Player yemwe. Chithunzi chimene chinafala pa dziko lonse chimamuonetsa akulandira chikho panja, mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kuloŵa m'nyumba ya kalabu. Pambuyo pake boma linamletsa kupikisana ndi azungu, ndipo anamwalira wosauka mu 1978. Aja anapita ku Joni pa Wenela sangadabwe nayo nkhani imeneyi. Vincent Tshabalala naye anakapeza ulemu kunja: anapambana French Open mu 1976.

Maiko odzilamulira anali ndi mndandanda wawo, Safari Circuit, wodzera ku Nigeria, Kenya ndi Zambia. Kenya Open unayamba mu 1967, Zambia Open mu 1972, ndipo mipikisano ina inkachitika ku Mufulira ndi ku Ndola. Ian Woosnam wa ku Wales anapambana ku Zambia mu 1985, zaka zisanu ndi chimodzi asanatenge Masters ku America. Tsankho litatha, Zambia Open ndi Zimbabwe Open inaloŵa m'mndandanda wa kummwera. Mu 2006 Madalitso Muthiya wa ku Zambia anakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kuseŵera US Open, ndipo mu 2016 anapambana mpikisano wa Sunshine Tour.

Kuno ku Malaŵi gofu wa ocheza uli pansi pa Golf Union of Malawi, ndipo akatswiri ali ndi bungwe lawo. Mipikisano ya ndalama njochepa, chifukwa imadalira makampani ofuna kulengeza malonda. Nchifukwa chake oseŵera monga Paul Chidale akhala akuyenda mpaka ku Kenya kukapikisana. Mnyamata wa ku Migowi wofuna kutsata njira yomweyo, choyamba chimene angafune ndi ndalama ya basi yopita ku Mulanje.