Kusemphana

Timati anthu asemphana pamene wina wafika mnzake atangochoka, kapena pamene ofunana adzera njira zosiyana. Mawu omwewa amakwanira bwino pa TV pamene milomo ya wowerenga nkhani ikuyenda koma liwu lake likutsalira. Komabe kusemphana kumamveka ngati mbali zonse n'zofanana, pomwe kwa woonera sizili choncho. Malangizo a mu 1998 a ITU, bungwe la padziko lonse loona za kutumiza mauthenga, amasonyeza kuti oonera amazindikira vutoli liwu likangotsogola ndi mamilisekondi 45, koma likachedwa amadzazindikira pa mamilisekondi 125. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pomwe kuwala kumafika pompopompo. Ukamayang'ana munthu akuwaza nkhuni patali, nkhwangwa imatera kaye, kugunda n'kumveka pambuyo. Ubongo unazolowera liwu lochedwa, koma lotsogola ndi lachilendo kwa iwo.

Wina anganene kuti manambala otere ndi a akatswiri, woonera wamba alibe nawo ntchito malinga akumva zimene zikunenedwa. Koma kumva si ntchito ya khutu lokha. Mu 1976 ofufuza McGurk ndi MacDonald anaonetsa kuti munthu akamva "ba" milomo ikupanga "ga", kawirikawiri amamva "da". Ndiye kuti milomo ndi liwu zikasiyana nthawi, diso limaleka kuthandiza khutu, makamaka kwa amene akumvetsera m'phokoso kapena amene amamva movutikira. Choncho podandaula za kusemphana, tizinenanso chimene chatsogola, chifukwa kukula kwa vuto kumadalira pamenepo.