Pickup ya Gitala Yamagetsi

Pickup ndi kachipangizo ka maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, kamene kamakhala pansi pa nsambo zachitsulo, ndipo nsambozo zikanjenjemera, iko kamasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu ya magetsi yopita ku chimkuzamawu. Pa gitala ya Stratocaster, imene Leo Fender anaitulutsa mu 1954, tizipangizoti tilipo titatu, tomangidwa pa chimbale chapulasitiki chotchinjiriza thupi la gitala. N'chifukwa chake masiku ano chimbalecho chimagulitsidwa mawaya ake atalumikizidwa kale.

Wochiika ayambe wamasula nsambo ndi kuchotsa chimbale chakale, pamenepo awotcherere ndi mtovu mawaya opita pobayira chingwe, osaiwala waya wopita ku chitsulo chogwira nsambo, pakuti ukasiyidwa umenewo gitala idzalira ngati njuchi kufikira mwini wake atatopa nayo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kufunika pokweza ndi kutsitsa pickup. Mmisiri apanikize nsambo pa kachitsulo kotsiriza ka khosi la gitala, napotokole timisomali tamazinga tam'mbali mwa pickup mpaka pakati pa nsambo ndi pickup patatsala mpata wa mamilimita 2 kapena kupitirira pang'ono. Pakuti pickup ikayandikitsa, maginito amakoka nsambo zazikulu mawu nasokonekera, ikatalikitsa mawu amafooka.

Kumapiri a Dedza, kumene nkhungu ya mu June ndi July imalowa ndi m'matchalitchi momwe, timisomalito timagwira dzimbiri msanga, kotero oimba m'makwaya ayenera kupukuta gitala asanaibwezere m'thumba lake.