Kuchiza mtsempha wotupa mu ubongo popanda kutsegula chigaza

Mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukafooka pamalo ena umafufuma ngati baluni, vuto lomwe madokotala amalitcha aneurysm. Akuluakulu pafupifupi atatu mwa 100 alionse ali ndi chotupa chotere ndipo ambiri amakalamba nacho osadziwa. Ngozi imadza chikaphulika, pakuti magazi amatayikira mozungulira ubongo ndipo munthu atha kumwalira kapena kufa ziwalo.

Kuyambira mu 1937, pomwe dokotala wa ku America Walter Dandy anayamba kupana chotupachi ndi kachitsulo, odwala ankachitidwa opaleshoni yotsegula chigaza. Mu 1990 dokotala wa ku Italy Guido Guglielmi, yemwe ankagwira ntchito ku Los Angeles, anabweretsa njira yodzera mkati mwa mitsempha.

Pa njirayi dokotala amalowetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha wa m'mphechepeche kapena wa pamkono, n'kumakakankha pang'onopang'ono uku akuona pa makina ojambula mpaka kafike mu ubongo. Kenako amadzaza chotupacho ndi tiwaya tofewa ta platinum. Magazi amaundana pa tiwayato ndipo chotupacho chimatsekeka.

Kafukufuku wa ISAT, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anaunika odwala 2,143 omwe zotupa zawo zinaphulika. Patatha chaka, odwala pafupifupi 24 mwa 100 alionse omwe anaikidwa tiwaya anali atamwalira kapena akudalira ena, pomwe mwa otsegulidwa chigaza anali pafupifupi 31. Komabe si chotupa chilichonse chomwe chimatheka ndi tiwaya, ndipo zina zimatsegukanso, choncho wodwala amayenera kujambulidwanso pakapita nthawi.

Chithandizochi chimafuna makina odula ndi akatswiri ochepa, kotero kuti wodwala wa ku Nsaru, Mpingu kapena Nambuma sangachipeze kufupi ndi kwawo. Ulendo wake umayambira pa chipatala chaching'ono, kapena pa Kabudula ndi St Gabriel's ku Namitete, kenako amatumizidwa ku Kamuzu Central komwe mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Odwala ofunika chithandizo chomwe kulibe m'dziko muno boma lakhala likuwatumiza kunja, makamaka ku India.

Pachifukwachi nthawi ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa chotupa chikaphulika chimatha kuphulikanso, makamaka m'maola 24 oyamba. Chizindikiro chachikulu ndi mutu wobwera mwadzidzidzi, wopweteka kuposa kale lonse, wotsagana ndi kusanza, kuuma khosi, kudana ndi kuwala kapena kukomoka. Munthu wotere sayenera kugonekedwa pakhomo ndi mankhwala a mutu kapena kuganiziridwa malungo okha, koma kuthamangitsiridwa kuchipatala tsiku lomwelo.

Zinthu zomwe zimafooketsa mitsempha kwambiri ndi matenda othamanga magazi, kusuta fodya, kuphatikizapo chingambwe, komanso kumwa mowa mwauchidakwa. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto lothamanga magazi, ndipo ambiri sankadziwa.

Choncho udindo wa akuluakulu a zaumoyo, makhonsolo ndi mafumu m'maderawa wagona pa kuonetsetsa kuti zipatala zili ndi makina oyezera BP, mankhwala akupezeka, ndiponso ambulansi zili ndi mafuta.