Za Madzi a Matope ndi Amene Anaulula Cinsinsi Cace

Mai ali yense wotunga madzi kumtsinje m'dzinja adziwa kuti mcenga ukhazikika msanga pansi pa mtsuko, koma liripo dothi lina losalala limene silitsika, angakhale madziwo agone masiku atatu. Dothi lilemera koposa madzi. Nanga cimene ciliimika m'mwamba nciani? Funso limeneli linasautsa anthu anzeru zaka 140, ndipo mbiri yace iyenera kudziwika, pakuti m'yankho lace muli njira ya kuyeretsa madzi akumwa.

Poyamba tidziwe kuti mphamvu ya magetsi iri ya mitundu iwiri, ndipo ailemba ndi zizindikiro za m'masamu, + ndi −. Zinthu ziwiri zokhala ndi mtundu umodzi zikankhana, koma za mitundu yosiyana zikokana.

Mmodzi wa oyamba kuona kuti dothi liri nayo mphamvu yotere ndiye Ferdinand Reuss, Mjeremani wophunzitsa ku Moscow. Iye anazika mabotolo awiri opanda matako m'dongo lonyowa, nathiramo madzi, nalowetsamo mawaya a magetsi. Pamenepo anaona kuti madzi a m'botolo la + anacita matope, popeza tizidutswa ta dongo tinalikukwera kumka ku waya ameneyo. Mau a zimenezi anasindikizidwa m'caka ca 1809. Tero kunadziwika kuti tizidutswa ta dongo tisenza mphamvu ya −.

Patapita zaka, ku London kunali Michael Faraday, mwana wa wosula zitsulo, amene paubwana wace anagwira nchito ya kumanga mabuku. M'caka ca 1857 iye anafotokoza za madzi ofiira amene anawakonza ndi golidi. Ananena kuti golidiyo sanasungunuke monga asungunukira mcere, koma anali tizidutswa tating'onong'ono toyandama, tosaoneka ndi maso. Pothiramo mcere pang'ono, kufiira kunatha, ndipo golidi anagwa pansi. Mabotolo ena amene sanathiremo mcere asungidwa ku Royal Institution, ndipo golidi wace ali ciyandamire kufikira lero.

Nanga mcere ucitanji? Hans Schulze wa ku Germany m'caka ca 1882, ndi William Hardy wa ku Cambridge m'caka ca 1900, anayesa mitundu yambiri ya mcere. Mcere posungunuka ugawika pawiri, mbali ya + ndi mbali ya −, ndipo kunapezeka kuti mbali imene igwetsa tizidutswa ndiyo yosiyana ndi mphamvu ya tizidutswato. Anapezanso kuti micere siilingana nyonga. M'mcere wathu wa m'ndiwo mbali ya + isenza muyeso umodzi wokha, koma mu alamu isenza miyeso itatu. Cifukwa cace alamu wapang'ono acita nchito imene ikadafuna mcere wa m'ndiwo wocuruka kamazana angapo.

Cotsala cinali kumanga zonsezi pamodzi, ndipo izi zinacitika m'masiku a nkhondo yaikuru yaciwiri. Ku Russia Boris Derjaguin ndi Lev Landau analemba mau ao m'caka ca 1941. Ku Holland Evert Verwey ndi Theodoor Overbeek anafika pa nzeru yomweyo paokha, nasindikiza buku lao m'caka ca 1948. Ciphunzitso cao ndi ici: pakati pa tizidutswa tiwiri pali mphamvu ziwiri zolimbana. Yina ikoka, koma igwira pafupi pokha. Yina, ndiyo ya magetsi, ikankha kucokera patali. Pokhala kukankha kuli kwamphamvu, tizidutswa sitikhudzana, ndipo kali konse pakokha nkopepuka kosakhoza kumira. Koma mcere ukaphimba mphamvu yokankhayo, tizidutswa tiyandikana, timamatirana, tisanduka zibuma zolemera, nitigwa pansi.

Tsono taonani m'mene nzeru imodziyi imasulira zinthu zambiri. Mtsinje waukuru monga Zambezi usenza matope ulendo wonse, koma pokomana ndi madzi amcere a m'nyanja yaikuru, matope ambiri agwa pamathiriro pace. Mkaka uli woyera cifukwa ca tizidutswa toyandama tokankhana. Ukasasa, kuwawasa kucotsa mphamvu yao, nitigwirana, ndipo tipeza cambiko. Kumalo koyeretsa madzi a m'mizinda athira alamu kuti dothi litsike.

Ndipo amai a ku Sudan anadziwa kale kuyeretsa madzi a m'Nile ndi njere zosinja za mtengo umene ife tiucha cam'mwamba. Lero kwadziwika kuti ufa wa njerezo uli ndi mphamvu ya +, imene igwira dothi la −. M'zaka za m'ma 1990 njira imeneyi inayesedwa pamalo oyeretsa madzi ku Thyolo, ndipo madzi anayera.

Koma cenjerani, awerengi: kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti tizirombo tonse ta nthenda tatha. Tambiri titsika pamodzi ndi dothi, koma tina titsala. Madzi akayera, muwatsanulire mu mtsuko wina wotsuka, ndi kuwawiritsa anthu asanamwe.