Kuhaka, kuthyola ndi kusuzumira

Pamsika wa Ulongwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kalembo ku Balaka, mawu oti "andihaka" sadabwitsanso munthu. Amawanena mnyamata amene akaunti yake ya Facebook yayamba kupempha abale ndalama iye osadziwa, amawanenanso mayi wa geni amene wapeza mu Mpamba kapena Airtel Money mulibe kanthu. Tidawabwereka ku Chingerezi, ku mawu oti hack, omwe kale ankatanthauza kutema kapena kudula. M'zaka za m'ma 1950 ophunzira a pa yunivesite ya MIT ku America ankawatchula ponena za luso lochenjerera makina, ndipo mbiri yoipa idadza pambuyo. Mawu obwereka amafika opanda manyazi ake. Mnyamata atha kudzitama kuti amahaka, koma sangaime pabwalo la amfumu n'kunena kuti amathyola nyumba.

Chonsecho dzina lenileni la ntchitoyi ndi kuthyola. Mawuwa ali ndi mnzake, kuthyoka, monga momwe kuboola kulili ndi kubooka. Nthambi imathyoka yokha, ndowa imabooka yokha ikakalamba, koma mathero a -ola amafuna dzanja la munthu. Timathyola nkhwani m'dimba popanda mlandu ngati dimbalo ndi lathu, koma mawu omwewo akafika pa loko wa mwini amasanduka mlandu. Mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba adalowa m'makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo ankafuna dipo. Kusindikiza mapasipoti kudaima. Makinawo sadathyoke okha.

Kuba nako kuli ndi nthambi zake. Tikawonjezera -er-, n'kukhala kubera, mumalowa munthu wolira: wandibera. Timatinso kubera mayeso, pomwe palibe chogwirika chachoka m'thumba la wina. Malamulo a Ayuda ali ndi mawu ofanana nawo, geneivat da'at, kuba maganizo a munthu. Mu Talmud, buku la ziphunzitso zawo, mphunzitsi Shmuel wa ku Babulo, yemwe adakhalako m'zaka za m'ma 200, adaletsa kupusitsa munthu aliyense, Myuda kapena ayi. Zambiri zimene timazitcha kuhaka kuno ndi zimenezi. Wina amaimba foni mwaulemu, akuti ndi wa ku kampani, kapena akuti watumiza ndalama molakwika, ndipo mayi uja amatchula yekha nambala yake yachinsinsi. Wakubayo adayamba waba maganizo, ndalama zidangotsatira.

Mawu amene timawapeputsa kwambiri ndi kusuzumira. Wosuzumira salowa, sanyamula kanthu, ndipo akagwidwa amati "ndimangoona". Aphunzitsi a Chiyuda sadavomere yankho limeneli. Kusuzumirako adakutcha hezek re'iyah, kuwononga ndi maso, ndipo buku lawo la malamulo la Mishnah limaletsa anthu okhala bwalo limodzi kutsegula khomo loyang'anizana ndi khomo la mnzawo, kapena zenera loyang'anizana ndi zenera. Cha m'ma 1000, lamulo lodziwika ndi dzina la Rabbeinu Gershom wa ku Mainz lidaletsa kuwerenga kalata ya mwini popanda chilolezo, pa nthawi imene makalata ankayenda m'manja mwa apaulendo. Aphunzitsi a Chiyuda a masiku ano amati lamuloli limakhudzanso imelo ndi mauthenga a pafoni.

Kwa ife izi si zachilendo. Mlendo kwa Kalembo amaima panja n'kunena odi, mawu amene Aswahili amati hodi, ndipo sasuntha mpaka amuyankhe. Asilamu, omwe ndi ambiri m'derali, amadziwa kuti Korani, mu Surat an-Nur, imalamula kupempha chilolezo usanalowe m'nyumba ya wina, ndipo Surat al-Hujurat imaletsa kufufuza zinsinsi za anzako. Boma nalo lidafika pomwepo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kungolowa m'zosungidwa pa kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wothyola kompyuta atha kulipira K5 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 7.

Chimandivutitsa maganizo ndi choti wosuzumira wa kwathu nthawi zambiri si mlendo. Foni imasiyidwa kometera tsitsi kapena pakagolosale ka sola kuti itchajidwe, ili pamzere ndi zinzake khumi, yopanda loko. Imapita kwa wokonza mafoni, yemwe amapempha nambala yotsegulira kuti ayese sikirini, kenako n'kuyamba kuona zithunzi. Gogo amapatsa mdzukulu kuti amuwerengere ndalama zimene mwana watumiza kuchokera ku Joni, mdzukuluyo n'kudzigulira mayunitsi, ati abweza mawa. Talmud ili ndi chigamulo pa zoterezi: wobwereka mwini osadziwa amawerengedwa ngati wolanda. Mwamuna wotsegula WhatsApp ya mkazi wake ali m'tulo, kapena mkazi wotsegula ya mwamuna, sangabisale ku banja, pakuti ukwati sufafaniza mawu oti "ya mwini".

Pali pomwe kulowa n'kololedwa. Katswiri amene banki yamulemba ntchito yoti ayese ngati makina ake ndi olimba adaitanidwa, ndiye sathyola. Malamulo a Ayuda amaika kupulumutsa moyo patsogolo pa malamulo ambiri, kotero kutsegula foni ya munthu wokomoka pangozi ya pamsewu wa M3 kuti upeze abale ake si kusuzumira. Nsanje ndi chidwi sizili m'gulu limeneli.

Mafumu, mashehe ndi abusa a kwa Kalembo, nkhani za mafoni zikafika pabwalo lanu, musazibweze ngati zibwana za achinyamata. Funsani wolowayo ngati mwini foni adamulola, ndipo ngati sadamulole, weruzani monga mumaweruzira wothyola nyumba.